Tifunseni za Umoyo: Jelo ya ku Durban sinafike ku chipatala, nanga mphoto alandiriranji?

Makalata a ulendo uno akuzungulira pa munthu mmodzi, Pulofesa Quarraisha Abdool Karim a ku South Africa, amene mu 2024 analandira mphoto ya Lasker-Bloomberg limodzi ndi amuna awo, Pulofesa Salim Abdool Karim, chifukwa cha kafukufuku wa HIV. Makalata ena tawafupikitsa.

Akonzi, ndamva kuti mayiwa si dokotala woona odwala, koma katswiri wa kafalidwe ka matenda. Ntchito imeneyi ndi yotani, ndipo iwowa anapeza chiyani chachilendo?
*Mphunzitsi wa sekondale, Dedza*

Aphunzitsi, dokotala amafunsa kuti munthu ali patsogolo pakeyu akudwala chiyani. Katswiri wa kafalidwe ka matenda, amene pa Chingerezi amati epidemiologist, amafunsa kuti pa anthu onsewa akudwala ndani, ali ndi zaka zingati, amakhala kuti, ndipo amene sanadwale akusiyana nawo pati. Zida zake ndi kaundula, mafomu, timabotolo ta magazi ndi masamu.

Mayiwa anabadwira ku Tongaat, kumpoto kwa Durban, mu 1960. Chomwe chinawaika poyera ndi kafukufuku wa mu 1990 m'midzi ya kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Sanakhazikitse gulu lawolawo loyenda m'midzi ayi. Anagwirizana ndi antchito olimbana ndi malungo, amene ankatenga kale magazi khomo ndi khomo, ndipo magazi omwewo anawayezanso HIV osalembapo maina. Mwa anthu pafupifupi 5,000, kachilombo kanapezeka mwa mmodzi pa 100 alionse. Chiwerengerocho chinkaoneka chaching'ono mpaka atachigawa potengera zaka za munthu ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Apo panaoneka kuti akazi ali ndi kachilombo kuposa amuna kangapo, ndipo amakatenga akadali atsikana, zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri anzawo aamuna asanayambe kukatenga.

Uthenga wa masiku amenewo unali kudziletsa, kukhulupirika ndi kondomu. Koma taganizani za mayi wokhulupirika amene mwamuna wake ali ku migodi ya ku Johannesburg, amabwera pa Khirisimasi, ndipo za kondomu safuna n'kuzimva komwe. Pa zitatuzo agwirepo chiti? Ntchito yonse ya mayiwa kuyambira pamenepo yakhala yofunafuna chinthu chimene mkazi angadziteteze nacho yekha.

Mu 2017, pamodzi ndi Pulofesa Tulio de Oliveira, anaonetsa mmene gudumu la mliriwu limazungulirira. Kachilombo ka anthu awiri amene anapatsirana kamafanana ngati nkhope za pachibale, choncho anayerekezera kachilombo ka anthu ambiri a m'boma la uMgungundlovu. Atsikana osakwana zaka 25 ankakatenga kwambiri kwa amuna owaposa ndi zaka pafupifupi 9. Amunawo ankakatenga kwa akazi a msinkhu wawo, omwe ambiri anali atsikana aja a dzana atakula.

Ndikuphunzira unamwino. M'kalasi anatitchulira CAPRISA 004 ndi 39 peresenti, koma sanatiuze kuti 39 ameneyu anachokera pati. Tandithandizeni mayeso asanafike.
*Wophunzira unamwino, Blantyre*

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. CAPRISA ndi bungwe la kafukufuku wa Edzi la ku Durban, lotsogoleredwa ndi a Abdool Karim, ndipo CAPRISA 004 ndi kafukufuku wake woyesa njira yotetezera amayi ku HIV. Chomwe ankayesa chinali jelo yokhala ndi mankhwala a ARV otchedwa tenofovir okwana 1 peresenti, yothiridwa kale m'kachubu kapulasitiki kotaya ukagwiritsa ntchito kamodzi. Mayi ankaika kachubu kamodzi m'njira ya abambo mkati mwa maola 12 asanagone ndi mwamuna, kena mwamsanga akatha koma osadutsa maola 12, ndipo osaika kopitirira kawiri pa maola 24. Nzeru imeneyi anaitengera ku nevirapine wa kale uja, amene mayi ankamwa kamodzi pa nthawi yochira, mwana n'kumwetsedwa kamodzi atabadwa.

Kafukufukuyu anayenda kuyambira Meyi 2007 mpaka Malichi 2010 pa zipatala ziwiri, china kumudzi ku Vulindlela pafupi ndi Pietermaritzburg, china mu mzinda wa Durban. Amayi a zaka 18 mpaka 40, opanda HIV, anagawidwa mwa maere. Okwana 445 analandira jelo ya tenofovir, 444 analandira jelo yopanda mankhwala, imene amati placebo. Machubuwo anali ofanana ndendende, ndipo mayi, namwino, ngakhale Pulofesa eni ake sankadziwa kuti uyu wanyamula ziti. Onse ankalandira makondomu, uphungu ndi chithandizo cha matenda opatsirana pogonana, n'kumayezedwa HIV ndi mimba mwezi uliwonse. Pobwera ku chipatala mayi ankabweretsa machubu ake, ogwiritsidwa ntchito ndi otsala omwe, namwino n'kuwawerenga.

Tsono masamu. Pa gulu la tenofovir, amayi 38 anatenga HIV. Pa gulu la placebo anali 60. Musathamangire kugawa 38 ndi 445, chifukwa amayiwa sanakhale m'kafukufuku nthawi yofanana. Chimawerengedwa ndi nthawi yomwe aliyense anatsatiridwa: mayi wa zaka ziwiri amawerengedwa ngati zaka ziwiri, amayi awiri a miyezi isanu ndi umodzi aliyense amapanga chaka chimodzi. Mukatero, gulu la tenofovir linapereka 5.6 pa zaka 100 zilizonse, la placebo 9.1. Chotsani 5.6 pa 9.1, patsala 3.5. Gawani 3.5 ndi 9.1, mupeza 0.385. Ameneyo ndiye 39 peresenti wanu. Satanthauza kuti amayi 39 pa 100 anatetezedwa, koma kuti chiopsezo chotenga kachilombo chinatsika ndi 39 pa 100 poyerekeza ndi gulu linalo.

Pali manambala ena awiri amene ophunzira ambiri amawalumpha, 6 ndi 60. Amenewa ndi malire a kukayika. Chifukwa amayi amene anatenga kachilombo anali 98 okha, chitetezo chenicheni cha jeloyo chikanatha kukhala paliponse pakati pa 6 ndi 60 peresenti. Malire otambalala chotero amakuuzani kuti zotsatirazo ziyenera kubwerezedwa anthu asanayambe kuvina.

Amayi amene ankaika jelo pa kugonana kopitirira 80 pa 100 anatetezedwa ndi 54 peresenti, apakatikati 38, oika mwa apo ndi apo 28. Panatulukanso phindu limene silinali cholinga chachikulu: matenda a matuza a kumaliseche, a HSV-2, anatsika ndi 51 peresenti.

Aphunzitsi anu angafunsenso chifukwa chomwe analembetsa amayi 1,085 koma n'kuwerengera 889 okha. Ambiri mwa ochotsedwawo anapezeka kuti analowanso kafukufuku wina wa jelo nthawi yomweyo, ndipo zikatero sungadziwe kuti yamuteteza kapena yamuvulaza ndi iti. N'chifukwa chake masiku ano malo ambiri a kafukufuku ku South Africa amadinditsa chala pa makina polembetsa.

Ngati jeloyo inagwira ntchito, ili kuti? Ku chipatala kwathu sitinaionepo. Si kutaya ndalama m'madzi kumeneku, ena n'kumalandirapo mphoto?
*Bambo wa ku Mchinji*

Bambo, simunaione chifukwa kulibe. Palibe dziko limene linaivomereza.

Zotsatira zija zitalengezedwa ku msonkhano wa Edzi ku Vienna mu Julayi 2010, anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Koma mankhwala savomerezedwa ndi kafukufuku mmodzi wa malire a 6 mpaka 60. Panatsatira awiri akuluakulu. Woyamba, VOICE, anali ndi amayi 5,029 ku South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndipo ena ankaika jelo tsiku lililonse, ena ankamwa mapiritsi tsiku lililonse. Palibe chinateteza. Pofunsidwa, amayi pafupifupi 9 pa 10 ankati akugwiritsa ntchito mankhwala mokhulupirika, ndipo machubu ndi mabotolo obwezedwa ankavomereza zomwezo. Magazi ndiwo anaulula: tenofovir ankapezeka mwa osapitirira 3 pa 10. Wachiwiri, FACTS 001, anabwereza kaikidwe ka CAPRISA 004 kenikeni pa amayi 2,059 a zaka 18 mpaka 30 ku South Africa. Mu 2015 zotsatira zinatuluka: 61 pa gulu la mankhwala, 62 pa gulu la placebo.

Amayi a mu FACTS 001 ambiri anali achichepere, osakwatiwa, okhala pakhomo pa makolo. Kugonana kunkachitikira kwa chibwenzi, nthawi zambiri mosakonzekera. Machubu uwabisa pati m'nyumba ya chipinda chimodzi? Uwanyamula bwanji, ndipo ukatha uwataya kuti? Jelo inkagwiritsidwa ntchito pa theka lokha la kugonana kapena kupitirirako pang'ono. Panapezekanso chifukwa cha m'thupi. Mu 2017 akatswiri anabwerera ku zoyeza zimene zinasungidwa mu filiji kuchokera ku CAPRISA 004, n'kupeza kuti mwa amayi amene m'njira mwawo munali tizilombo tabwino ta Lactobacillus tambiri, jelo inateteza ndi 61 peresenti, koma mwa enawo 18 yokha. Kachilombo kena kotchedwa Gardnerella kamaphwanya tenofovir asanalowe m'minofu.

Kodi ndalama zinapita m'madzi? Ife tikuti ayi, ngakhale tivomereze kuti chisangalalo cha ku Vienna chinapitirira muyeso wa umboni. Jelo zonse zomwe zinayesedwa chisanafike 2010 zinalephera, ndipo ina, ya nonoxynol-9, inkachita kuwonjezera chiopsezo chifukwa inkasupula khungu la mkati. CAPRISA 004 ndiye woyamba kuonetsa kuti mankhwala a ARV, operekedwa kwa munthu wopanda kachilombo, angamuteteze pogonana. Patangotha miyezi inayi kafukufuku wa iPrEx anaonetsa zofanana ndi mapiritsi pa amuna, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti PrEP wakumwa, kutanthauza mapiritsi oteteza munthu wopanda HIV kuti asakatenge, aperekedwe kwa aliyense amene ali pa chiopsezo chachikulu. Akafukufuku a mapiritsiwo anali kale m'njira, sitikunena kuti anabadwa ku Durban. Koma kulephera kwa jelo ndiko kunatsimikizira onse kuti mankhwala odalira mtsikana kukumbukira tsiku ndi tsiku, kapena pa ola la chikondi, safika patali. Ndalama zambiri zinatembenukira ku zinthu zokhalitsa m'thupi.

Nanga ife a kuno tikukhudzidwa pati ndi za ku Durban?
*Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Mayi, amayi a kuno analimo kuyambira kale. Kafukufuku wa HPTN 035, amene anatsogoleredwa ndi Pulofesa Salim Abdool Karim ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anayesa jelo ziwiri zakale pa amayi oposa 3,000, kuphatikizapo a ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Harare.

Kenako kunabwera mphete ya dapivirine, yovala m'njira ya abambo ndi kusintha pamwezi. Kafukufuku wake, ASPIRE, anali ndi amayi 2,629 ku Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndipo chipatala cha CAPRISA cha ku Durban chinali nawo. Mu 2016 anapeza chitetezo cha 27 peresenti pa onse, 56 pa opitirira zaka 21, koma pa a zaka 18 mpaka 21 sipanaoneke kanthu, poti ambiri sankakhala nayo mwezi wathunthu. Vuto lomwe lija.

Jakisoni ndiye anasintha zinthu. HPTN 084 anayesa cabotegravir, wobaya m'thako masabata asanu ndi atatu alionse, pa amayi 3,224 m'maiko asanu ndi awiri, Malawi ali momwemo. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali Pulofesa Mina Hosseinipour a UNC Project ku Lilongwe. Amayi 4 a jakisoni anatenga HIV, pamene pa gulu lomwe linkamwa mapiritsi a PrEP anali 36. Zambia inayamba kupereka jakisoniyu mu 2024. Chaka chomwecho kafukufuku wa lenacapavir, wobaya pansi pa khungu kawiri pachaka, sanapeze ngakhale mmodzi wotenga kachilombo mwa atsikana ndi amayi 2,134 amene anamulandira ku South Africa ndi Uganda. Akafukufuku atatu omalizawa sanatsogoleredwe ndi mayi Abdool Karim. Chawo ndi funso limene onsewa akuyankha.

Ndimagwira ntchito ku kiliniki ya TB. Mnzanga akuti lamulo loyambitsa ma ARV msanga kwa wodwala TB linachokera kwa anthu omwewa. N'zoona?
*Wachipatala, Chipata*

N'zoona kwa gawo lalikulu, ndipo kwa ife iyi ndiyo ntchito ya CAPRISA imene yapulumutsa anthu ochuluka, ngakhale siitchulidwa kawirikawiri ngati jelo.

Kale madokotala ambiri ankadikira kuti wodwala amalize kaye miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a TB. Mantha awo anali omveka: mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena, mapiritsi amachuluka, ndipo chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi chimalimbana ndi TB mwaukali, wodwala n'kutentha thupi ndi kutupa zokhala ngati akuipiraipira. Kafukufuku wa SAPiT ku Durban anatenga odwala 642 okhala ndi TB ndi HIV, a CD4 (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) yochepera 500, n'kuwagawa patatu: oyamba ma ARV mkati mwa masabata anayi oyambirira, oyamba itatha miyezi iwiri yoyamba ya mankhwala a TB, ndi odikira mpaka kumaliza. Mu Sepitembala 2008 komiti yoima payokha, yomwe inali ndi ufulu wosuzumira manambala, inalangiza kuti gulu lachitatu lithetsedwe, onse ayambe ma ARV. Imfa zinali 12.1 pa zaka 100 mwa odikira, 5.4 mwa oyamba ali pa mankhwala a TB. Kutsika kwa pafupifupi 56 peresenti.

Kumapeto kwa 2009 WHO inalangiza kuyamba ma ARV mkati mwa masabata asanu ndi atatu. Mu 2011 SAPiT, pamodzi ndi kafukufuku wa ku Cambodia ndi wina wa maiko angapo, anaonetsa kuti a CD4 yochepera 50 ayambe mkati mwa masabata awiri mpaka anayi. Malangizo a 2021 akuti mkati mwa masabata awiri kwa onse, kupatula ngati pali zizindikiro za matenda oumitsa khosi, pomwe kufulumira kungaike moyo pa chiswe. Ndipo vuto la rifampicin silinathe: wodwala amene akumwa ARV wotchedwa dolutegravir amafunika piritsi lina la 50 mg patatha maola 12, chinthu chomwe chimaiwalika kawirikawiri wodwala akamatengera mankhwala pa mawindo awiri osiyana.

Ndikulemba digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu. Amatiuza kuti katswiri amayezedwa ndi h-index. Ndiye kuti phindu la kafukufuku ndi limenelo?
*Wophunzira, Mzuzu*

Muyeso umenewu anauyambitsa Jorge Hirsch mu 2005. Munthu wa h-index 20 ali ndi zolemba 20 zomwe chilichonse chatchulidwa ndi ena kosachepera ka 20. Umathandiza polemba anthu ntchito ku yunivesite, koma ndi wakhungu m'njira zingapo. Sungasiyanitse kutchulidwa koyamikira ndi kotsutsa. Umakondera okalamba pantchito. Umapereka mphoto yofanana kwa amene anaganiza funso ndi amene dzina lake lili pa nambala 140 pa mndandanda wa olemba.

Pa zaumoyo wa anthu, tsatani njira ya chopezacho. Kodi ena atabwereza anapeza zomwezo? Chinalowa m'malangizo a WHO? Unduna wa Zaumoyo unachiika m'buku lomwe lili pa tebulo la wachipatala? Mankhwalawo afika pa shelefu ya chipatala chaching'ono cha kumudzi? Ndipo imfa kapena matenda atsopano atsika? Yesani ndi ntchito ziwiri za gulu limodzi lomweli. CAPRISA 004 yatchulidwa m'zolemba zikwi zingapo, koma inagwa pa sitepe yoyamba. SAPiT inadutsa masitepe onse.

Chitsanzo china chili pakhomo pompano. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wokhala ndi HIV osadikira CD4, chifukwa makina oyezera CD4 anali ochepa. Njira ya Option B+ imeneyi sinachokere ku kafukufuku wa maere. Umboni wake unachokera m'makaundula a zipatala: amayi oyamba ma ARV pa miyezi itatu anakwera kuchoka pa 1,257 chapakati pa 2011 kufika pa 10,663 chakumapeto kwa 2012, ndipo maiko ena anatsatira. Anamwino amene ankadzaza makaundulawo alibe h-index.

Muyeso wina ndi anthu amene katswiri wasula. Pulogalamu ya maphunziro ya Fogarty, yogwirizanitsa Columbia University ndi mayunivesite a kumwera kwa Africa, imene mayiwa anaitsogolera kwa zaka zambiri, inaphunzitsa asayansi oposa 600.

Timamva kuti akafukufuku a ku Africa amangotenga magazi, azungu n'kukalemba maina awo. Mgwirizano wa CAPRISA unasiyana pati? Ndipo magazi athu amapitiranji kunja?
*Wa mu labotale, Zomba*

Dandaulo lanu lili ndi maziko, ndipo njira yoyezera mgwirizano uliwonse ndi kufunsa zinthu zinayi: funso anaganiza ndani, ndalama zikudutsa m'buku la ndani, manambala akusungidwa kuti, ndipo dzina loyamba pa cholembedwa ndi la ndani.

CAPRISA inakhazikitsidwa mu 2002 ndi mabungwe asanu: yunivesite ya Natal imene lero ndi KwaZulu-Natal, ya Cape Town, ya Western Cape, bungwe lofufuza za matenda opatsirana la NICD la ku Johannesburg ndi Columbia University. Ndalama zoyambira zinachokera ku NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, koma likulu lili ku sukulu ya madokotala ku Durban. Pa kafukufuku wa jelo, kampani ya Gilead inapereka tenofovir, bungwe la CONRAD linakonza jelo ndi machubu, bungwe la FHI linathandiza kulondoloza ntchito ndi masamu, ndalama zinachokera ku USAID ndi ku boma la South Africa. Funso, zipatala ndi utsogoleri zinali za ku Durban, ndipo dzina loyamba m'magazini ya Science linali la mayi Abdool Karim. Ku Vulindlela nako sanangofika ndi galimoto. Mfumu ya deralo ndiyo inawaitana itaona maliro akuchuluka.

Za magazi, nachi chitsanzo chimene chikuonetsa chifukwa chake nthawi zina amayenera kuwoloka nyanja. Mayi wina wa ku KwaZulu-Natal, wodziwika ndi nambala yokha ya CAP256, anatenga HIV kawiri motsatizana, ndipo patapita nthawi thupi lake linayamba kupanga asilikali a m'magazi, ma antibody, otha kugonjetsa mitundu yambiri ya kachilomboka. Anawazindikira ndi akatswiri a NICD, motsogozedwa ndi Pulofesa Lynn Morris ndi Pulofesa Penny Moore. Koma kupatula kaselo kamene kamapanga asilikaliwo ndi kuwachulukitsa kunachitika mothandizana ndi Vaccine Research Center ya ku America. Atawasandutsa mankhwala obaya, anabwerera kukayesedwa pa amayi a ku KwaZulu-Natal komweko. Mgwirizano wabwino umaoneka ndi ulendo wobwererawo.

Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo amavomerezedwa ndi komiti ya NHSRC ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti yofanana nayo ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati akuyesa mankhwala, bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA liyeneranso kuvomereza. Magazi satuluka popanda pangano lolembedwa, lonena kuti akupita kuti, akayezedwa chiyani, asungidwa mpaka liti, ndipo otsala adzatani. Pamene zimalakwika kawirikawiri ndi pa maina. Malamulo a akonzi a magazini a zachipatala amati wolemba ayenera kukhala atathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku, kusonkhanitsa kapena kusanthula zopeza, atalemba kapena kukonza cholembedwacho, atachivomereza, ndipo ali wokonzeka kuyankha pa icho. Amanenanso kuti amene wakwanitsa choyambacho apatsidwe mwayi wochita zotsalazo. Chinyengo chimachitikira apa: wa mu labotale sapatsidwa cholembedwa kuti awerenge, kenako amauzidwa kuti sanakwanitse malamulo. Nkhani ya maina ikambidwe ndi kulembedwa botolo loyamba lisanadzazidwe.

Tisabise mbali yofooka. Walira mvula walira matope. Boma la America litaimitsa ntchito za USAID mu Januwale 2025, akafukufuku ena anaima pakati, ndipo ku Vulindlela amayi amene ankayesa mphete yatsopano anaitanidwa kuti akaichotse nthawi isanakwane. Chipatala chinali cha CAPRISA, koma chikwama chinali kwina.

Kwathu kwabwera anthu olemba amayi kuti alowe kafukufuku wa njira yopewera HIV. Ndifunse chiyani ndisanasaine?
*Mayi wa ana awiri, Bangwe*

Mayi, pemphani chikalata cha chilolezo cha m'Chichewa, mupite nacho kunyumba mukachiwerenge mofatsa. Muonepo chidindo cha komiti imene inavomereza ndi nambala yake ya foni, chifukwa kumeneko ndiko mungakadandaule, osati kwa amene akukulembani okha. Funsani ngati pali gulu lolandira chinthu chopanda mankhwala kapena cha mtundu wina, ndi ngati mudzadziwe gulu lanu. Ngati simudzadziwa, dzitengeni kuti simunatetezedwe. Funsani kuti azitenga magazi ochuluka bwanji ndi kangati, mudzatani mukatenga mimba, akuthandizani bwanji mukapezeka ndi HIV kafukufuku ali mkati, ndipo ngati chinthucho chagwira ntchito mudzapitiriza kuchilandira kapena ayi. Amayi a CAPRISA 004 anapatsidwa mwayi wopitiriza kulandira jelo kudzera mu kafukufuku wotsatira, ena mwa iwo ku zipatala za kulera, koma zimenezi sizichitika zokha ngati sizinalembedwe.

Ndalama yomwe amapereka ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu, si malipiro, ndipo mukhoza kusiya tsiku lililonse osataya chithandizo chanu cha ku chipatala. Musalowe kafukufuku awiri nthawi imodzi. Mukalumpha mapiritsi, kapena mukavula mphete chifukwa bambo a kunyumba adandaula, muuzeni namwino momwe zilili ndi tsiku lake. Sakuchotsani chifukwa cha zimenezo, ndipo pa fomu yake pali malo olembapo.